Funsani Tikuyankheni: Kodi kale ankapulumutsa bwanji anthu sitima ikasweka?

Funso: Ndine bambo wa ku Chilomoni, kuno ku Blantyre. Malemu agogo anga ankakonda kusimba za sitima ya Vipya yomwe inamira pa nyanja ya Malawi m'chaka cha 1946. Kodi kusanabwere mahelikopita, anthu a m'mayiko a kugombe ankapulumutsa bwanji amalinyero sitima ikasweka?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Sitima zambiri za makedzana zinkasweka kufupi ndi gombe, pamiyala kapena pamchenga, anthu a kumtunda akuona ndi maso koma osatha kuwoloka mafunde. Nchifukwa chake mbiri ya ntchitoyi yagona kwambiri pa bwato lolimba ndi chingwe.

Ku South Shields, m'dziko la England, sitima yotchedwa Adventure itasweka mu 1789 anthu akuyang'ana, mmisiri Henry Greathead anakhoma bwato lopulumutsira anthu lomwe linayamba ntchito mu 1790, ndipo analiika khungwa lopepuka la cork kuti lisamire ngakhale litadzaza madzi. Mu 1824, Sir William Hillary wa pa chilumba cha Isle of Man anayambitsa bungwe lopulumutsa anthu panyanja lomwe lero limatchedwa RNLI, limene ambiri mwa opalasa mabwato ake amagwira ntchito mongodzipereka mpaka pano.

Komabe mafunde ena sankalola bwato lililonse kuchoka pagombe. George Manby ataona sitima ya Snipe ikuwonongeka ku Great Yarmouth mu 1807, anapanga kamzinga koombera chipolopolo chomangidwa ku chingwe chopyapyala, chomwe chinkagwera pamwamba pa sitima. Amalinyero ankakoka chingwecho, chimene chinkabweretsa china chachikulu, nachimanga pamlongoti, pamene a kumtunda ankachikunga ndi kuchizika mumchenga. M'kupita kwa nthawi anawonjezera kabudula wa chinsalu cholimba wosokeredwa ku mkombero woyandama ndi kumupachika pa kagudumu koyenda pa chingwe chachikulu chija. Munthu ankalowetsamo miyendo, ndipo a kumtunda ankamukoka pamwamba pa mafunde, kenako nkubweza kabudulayo kuti akatenge wina. Ntchitoyi inkatenga nthawi, koma inkatheka ngakhale usiku pa namondwe.

Ku America boma linakhazikitsa nthambi yoona za ntchitoyi mu 1878, motsogozedwa ndi Sumner Kimball, ndipo anthu a pa malo opulumutsirawa ankayenda wapansi m'mbali mwa gombe usiku wonse kufunafuna sitima zili pamavuto. Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya ku Pea Island, ku North Carolina, komwe gulu lonse linali la anthu akuda pansi pa Richard Etheridge, munthu amene anabadwira mu ukapolo. Mu Okutobala 1896 madzi anasefukira pagombe moti mzinga unalibe poima, choncho amuna awiri anadzimanga chingwe m'chiuno nasambira kukafika pa sitima ya E.S. Newman. Mosinthanasinthana, gululo linatulutsa anthu onse asanu ndi anayi ali moyo.

Kuno kumwera kwa Africa, ku Table Bay, pagombe la mzinda wa Cape Town, mu 1773, Wolraad Woltemade analowa m'nyanja pa hatchi kangapo napulumutsa anthu 14 a m'sitima yosweka asanamire iye mwini, ndipo bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI la ku South Africa linayamba mu 1967 asodzi 17 atamira ku Stilbaai mu 1966.

Tikabwerera pa Vipya, sitimayo inagubuduka mwadzidzidzi pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja, m'nyengo ya mphepo ya mwera, ndipo anthu 145 anataya miyoyo. Mzinga ndi kabudula zija sizikanathandiza, chifukwa zimafuna sitima yotsakamira kufupi ndi mtunda yomwe mlongoti wake ukadali chilili, pamene Vipya inamira mofulumira pamadzi akuya.