Mafunso Anu: Kuphunzitsa Ana Kufufuza M'laibulale

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo ndimayang'aniranso laibulale ya sukulu. Ana ndikawapatsa ntchito yofufuza amangokopera zomwe zatuluka koyamba pa Google. Ndiwathandize bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, musayambire pa kompyuta. Agaweni m'magulu a anayi anayi, muwapatse funso limodzi lachindunji, monga lakuti "malungo amafala bwanji?" Gulu lililonse lipeze yankho m'buku, pa intaneti ndi m'vidiyo. Mphindi 40 zimakwana.

Ngati mabuku anu anasanjidwa m'dongosolo la Dewey, lomwe limapatsa mabuku manambala malinga ndi nkhani zake, a matenda ali pa 616, a tizilombo ngati udzudzu ali pa 595.7. Awonetseni mlozera wa kumapeto kwa buku, chifukwa ambiri amangotembenuza masamba mwachisawawa mpaka belu kulira. Ayang'anenso chaka chomwe bukulo linasindikizidwa, kuseri kwa tsamba la mutu. Buku lakale la zamankhwala likhoza kutchula mankhwala omwe madokotala anasiya kupereka.

Pa intaneti, asanawerenge nkhani, atsegule tsamba lina n'kufufuza kuti mwini webusaitiyo ndani ndipo ena akuti chiyani za iye. Akalemba site:who.int patsogolo pa mawu ofufuzira, Google imangobweretsa za bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Pa vidiyo alembe dzina la amene anaiika, tsiku lake, ndi mphindi yomwe mfundoyo yanenedwa.

Pomwe ana amagwa kwambiri ndi apa: amapeza mawebusaiti atatu akunena zofanana n'kuganiza kuti nkhani yatsimikizika. Nthawi zambiri atatuwo anangokoperana. Atenge chiganizo chimodzi, achiike m'zizindikiro za mawu ogwidwa, n'kuchifufuza. Chikapezeka paliponse liwu ndi liwu, mboniyo ndi imodzi.

Pomaliza atseke zonse, aliyense alembe yankho m'mawu akeake, mizere isanu basi.

Funso: Nanga zithunzi zomwe amalandira pa WhatsApp?

Yankho: Zambiri zosocheretsa si zopeka, koma ndi zakale zomwe wina wazimata nkhani yatsopano. Aike chithunzicho pa Google Lens kapena TinEye, zida za pa intaneti zofufuzira komwe chithunzi chinaonekapo kale. TinEye imatha kusanja zotsatira kuyambira chakale kwambiri, ndiye muwona chaka chomwe TinEye inachipeza koyamba chithunzicho.

Funso: Ndiwaletse Wikipedia?

Yankho: Ayi, mukaletsa adzaiwerengabe mobisa. Auzeni atsike m'munsi mwa nkhaniyo pomwe pali magwero, atsegule awiri, n'kuona ngati akunenadi zomwe zalembedwa pamwamba.