Mng'ono wanga wapeza ntchito ku Oman, ndimulole apite?

Kalata iyi yafika Lachiwiri usiku. Mayi wina wa ku Ndirande akuti ejenti wa pa WhatsApp wamupezera mng'ono wake ntchito yapakhomo ku Oman, tikiti ya ndege ndi viza alipira abwanawo. Funso lawo n'limodzi: amulole apite? Nditawerenga ndinaika foni pansi, tulo sitinabwerenso.

Achemwali, ine ku Oman sindinapondeko. Kwanga kunali ku Joni. Ndinakwera basi mu 2014, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, pomwe anandidindira masiku 30. Mnzanga wa kutchalitchi anali atandipezera kale pakhomo. Tsiku loyamba lomwelo madamu anati ndiwapatse pasipoti andisungire, "ingasowe". Ndinapereka ndi manja awiri, n'kuthokozanso. Mpaka lero ndikakumbukira kuthokozako ndimadziluma lilime.

Ndinkagona m'kachipinda ka makina ochapira. Kudzuka 5 koloko, kugona ana onse atagona ndi mbale zonse zitauma. Tinapangana kuti Lamlungu ndizipuma, koma Lamlungu lija linayamba kubwera kamodzi pamwezi, kenako kukakhala alendo silinkabwera n'komwe. Masiku 30 aja atatha, madamu anapeza chikwapu chatsopano. Ndikangofunsa za malipiro ankati ayimbira apolisi ndikagone ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ine sindinkadziwa kuti ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito ku South Africa, amamva dandaulo la wantchito ngakhale mapepala ake atatha. Ndani akanandiuza? Munthu amene saturuka pageti nkhani amazimva kwa mwini geti.

Chimene chimandiwawa kwambiri si madamu ayi. N'chakuti amayi akaimba foni kufunsa ya feteleza ndinkati zonse zili bwino. Ndinajambulitsa nditatsamira galimoto ya abwana n'kuika pa Facebook. Atsikana awiri a m'mudzi mwathu anakwera basi chifukwa cha chithunzi chimenecho. Ndiye mukandiuza kuti mng'ono wanu waona anzake a ku Oman akuwala pa foni, ine ndimadziwa mmene zithunzizo zimajambulidwira.

Komabe ine ndinathawa. Tsiku lina popita kukataya zinyalala sindinabwererenso, ndinakwera tekisi kupita kwa mnzanga uja. Pasipoti inatsala m'dirowa ya madamu, ndinabwera kumudzi ndi kapepala kongoyendera ulendo umodzi. Ku Joni kuli Amalawi m'makwalala monse, wina amakubisa, wina amakupezera pisiweki.

Ku Oman si choncho, ndipo apa ndikufuna mundimvetse. Kumeneko, ngati m'maiko ena a ku Gulf, kuli dongosolo lotchedwa kafala. Viza ya wantchito imamangiriridwa pa dzina la bwana amene wamuitanitsa. Akachoka pakhomopo popanda chilolezo, bwanayo amakanena kupolisi kuti wathawa, ndipo wolakwa amakhala wantchitoyo. Tikiti "yaulere" ija ndi ngongole. Tsiku limene mng'ono wanu adzanene kuti watopa, adzamuuza kuti abweze kaye ndalama zimene anamugulira kwa ejenti, madola masauzande. Adzazitenga kuti, poti malipiro ake mudzakhala mutagulira kale malata?

Mu Malichi 2024 a BBC Africa Eye anaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anakodwa ku Oman. Ena anawalonjeza ntchito ku Dubai, anangozindikira ndege yatera ku Muscat, likulu la Oman. Anapezana pa gulu la WhatsApp limene anatsegula Mmalawi wina wokhala ku America, n'kumatumiza mawu akulira usiku abwana atagona. Boma lathu linanena kuti linawononga madola oposa 160,000 kuti amayi 54 abwerere. Wina anabwera m'bokosi. Poyamba ndimafuna kulemba kuti zimatengera mwayi wa pakhomo, ena amapeza mabwana abwino. N'zoona, alipo. Koma ndafufuta. Ntchito imene moyo wako ukudalira kuti bwana wadzuka bwanji, ndipo sungachoke, ine sindiitcha mwayi.

Ndipo tisamaloze Aluya okha ngati ife ndife angelo. Ndi makomo angati ku Area 25 kapena ku Chilomoni kumene kamtsikana kochokera ku Dedza kamagona kukhitchini pa chiguduli, malipiro ake "akusungidwa" ndi madamu mpaka Khrisimasi? Timati ndi mwana wa pakhomo pomwe ana athu ali kusukulu iye ali pa mulu wa zochapa. Ineyo nditabwerako ndinalemba wantchito, ndipo mwezi wina ndinadzimva ndikunena mawu omwewo, akuti "ndikupatsa mawa". Ndinachita manyazi. Ku South Africa malipiro otsikitsitsa a antchito apakhomo anawafananitsa ndi a antchito ena onse mu 2022, atamenyera nkhondo zaka zambiri. Ife kuno ambiri sitidziwa n'komwe kuti boma linaika angati.

Tsono muchite chiyani

Langa ndi lakuti asapite. Koma ndi munthu wamkulu, ndipo umphawi suumva malangizo a pa intaneti. Pitani naye ku ofesi ya leba mukafunse ngati ejentiyo ndi wolembetsedwa. Aone kontirakiti asanakwere ndege, m'chilankhulo chimene amawerenga, ndiponso viza yeniyeniyo: dziko lake, dzina la bwana, mtundu wa ntchito. Ejenti akamazemba kapena kufulumizitsa, kanenani kupolisi, lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 linapangidwira anthu oterewa. Jambulani pasipoti ndi mapepala onse, mutsale nazo inu. Manambala anu awaloweze pamtima, chifukwa foni amalanda.

Akaumirira, musakangane naye mpaka kusiya kulankhulana, chifukwa zikadzamuvuta adzachita manyazi kukuimbirani. Panganani mawu achinsinsi amene angatchule madamu ali pompo. Ine ndi mng'ono wanga, amene ali ku Cape Town, athu ndi akuti "nkhuku zija zaikira?" Kwathu kulibe nkhuku.