Mowa wa Harvest Ale uja sunawonongeke, munaufulumirira

Bambo ena a kwathu amene akugwira ntchito mumzinda wa Manchester ku England andilembera kalata pa imelo, ndipo nkhani yawo ndi ya mabotolo awiri a mowa amene mnzawo wa kuntchito anawapatsa pa Khrisimasi. Mowawo ndi Harvest Ale wa kampani ya J.W. Lees, ndipo chaka cholembedwa pa mabotolowo chikusonyeza kuti unafululidwa zaka 5 zapitazo. Akuti botolo loyamba analigoneka mufiriji usiku wonse, m'mawa mwake n'kulitsegula ndi kumwera pabotolo pomwepo monga tinazolowerera ndi Green kwathu, koma anapeza mowa wopanda thovu, wolemera ngati manyuchi, wotsekemera ndiponso wotentha pakhosi, moti theka lake anataya. Akufunsa ngati mowawo unawonongeka chifukwa chokhalitsa, ngati chinthu chimene mnzawoyo anachitcha barley wine ndi mowa kapena vinyo, komanso chimene angachite ndi botolo lotsalalo.

Bambo, pa zonse zimene mwalongosola sindikuonapo chizindikiro cha mowa wowonongeka. Mwafotokoza barley wine wabwinobwino amene anamwedwa ali wozizira mopitirira, mothamanga ndiponso popanda tambula, ndipo ndikudandaula kwambiri ndi theka limene linatayidwalo, chifukwa ndi m'menemo, mowa utayamba kufunda, m'mene mukanapeza chimene mnzanuyo ankafuna kuti mulawe.

Ndiyambe ndi dzina. Mu barley wine mulibe mphesa ngakhale imodzi. Ndi mowa wa chimera cha balere, madzi, yisiti ndi maluwa owawa otchedwa hops, ndipo amautcha vinyo wa balere chifukwa ukali wake umafanana ndi wa vinyo, kuyambira pa 8 mpaka 12 peresenti, nthawi zina kupitirirapo, pamene mowa wa lager umene timaudziwa umakhala pafupi ndi 5 peresenti. Kampani ya Bass ya ku Burton upon Trent ndiyo inatchukitsa dzinali pa mowa wake wotchedwa No. 1 zaka zoposa 100 zapitazo. Munthu amene anaonapo amayi akunyika mawere kapena mapira, kuwafunditsa mpaka amere, kuwayanika ndi kuwasinja, akudziwa kale chiyambi cha ntchitoyi, pakuti chimera cha balere chimapangidwa mwa nzeru yomweyo. Kusiyana kwake n'koti wofulula barley wine amathira chimera chochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu pa madzi ofanana, kenako madzi otsekemera otuluka m'chimeramo amawawiritsa kwa maola ambiri mpaka atachepa, kulemera ndi kufiira. Kale ku England ankatsuka chimera chimodzi kangapo: madzi oyamba, amene anali ndi shuga wambiri, ankakhala mowa wamphamvu wosunga, ndipo madzi otsatira ankakhala mowa wopepuka wakumwa tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pamene pachokera kutsekemera kumene kunakudabwitsani. Yisiti amadya shuga n'kumusandutsa mowa, koma ukali ukafika cha m'ma 11 peresenti iye amafooka, ndipo palinso mitundu ina ya shuga wa m'chimera imene sangathe kuidya n'komwe, choncho wambiri amatsalira n'kupatsa mowawo thupi lolemera lija. Thovu nalo limachepa chifukwa ukali wambiri umaliphwanya msanga, komanso ofulula mowa wotere saikamo mpweya wochuluka. Harvest Ale wanuyo ndi wa 11.5 peresenti, ndipo a J.W. Lees akhala akuufulula kamodzi pa chaka kuchokera mu 1986, pogwiritsa ntchito balere ndi hops zimene zangokololedwa kumene. Chaka cha pabotolo chija si tsiku lakuti mowa watha ntchito ayi, koma chaka cha zokolola, monga amalembera pa vinyo.

Firiji ndiye inakulandani zambiri. M'firiji mumazizira pafupifupi madigiri 4, ndipo pa kuzizira kotero fungo la mowa silikwera, lilime nalo limachita dzanzi, moti zimene zimatsala n'kutsekemera ndi kutentha kwa pakhosi basi. Lager amapangidwa kuti azimwedwa choncho, ndipo masana a mwezi wa Okutobala ku Nsanje palibe angatsutse ubwino wake, koma barley wine amafuna madigiri 12 mpaka 14. M'nyengo yozizira ya ku Manchester botolo likhoza kungokhala m'kabati ya chipinda chosatenthetsedwa, ndipo ngati lalowa mufiriji, litulutseni likhale panja kwa mphindi 30 kapena 40 musanalitsegule. Mupeze tambula ya vinyo kapena ina iliyonse ya mimba yaikulu ndi kukamwa kopapatiza, muthiremo osadzadza, kuti pamwamba patsale malo osonkhanamo fungo. Kumwera pabotolo kumatsekereza mphuno, pamene gawo lalikulu la chimene timachitcha kukoma limadzera m'mphuno.

Mukathira, musafulumire kumwa. Yang'anani mtundu wake poyang'anitsa tambula kumene kukuchokera kuwala, ndipo mudzaona kuti si wakuda koma wofiirira ngati uchi wakale. Zunguzani pang'ono, mudzaona timizere tikutsika pang'onopang'ono m'mbali mwa tambula, chizindikiro cha ukali ndi shuga. Kenako nunkhizani kangapo mwachidule, osati kukoka mpweya wambiri nthawi imodzi, chifukwa ukali umaotcha m'mphuno n'kuphimba zina zonse. Anthu a ku Britain akamafotokoza fungo limeneli amatchula mphesa zouma, nkhuyu, tofi ndi keke ya pa Khrisimasi, ndipo akulondola, koma ine ndimaona kuti munthu amamva bwino akagwiritsa ntchito zimene lilime lake linakulira nazo. Mu barley wine wa zaka zingapo ine ndimamvamo masau ouma, madzi aja amene amatuluka pa mbatata yootcha n'kuuma pakhungu pake, nthochi yakupsa kwambiri yowotcha pa makala, ndipo kumapeto kwenikweni kakuwawasa kochepa konga ka bwemba. Mwani pang'ono, kochepera supuni yaikulu, mukusunge m'kamwa kwa kamphindi, mumeze, kenako mutulutse mpweya kudzera m'mphuno pakamwa pali potseka. Chimene muyenera kufufuza ndi ichi: kodi kutsekemerako kuli ndi chokuchirikiza? Mu mowa wofululidwa bwino, kuwawa kwa hops kumabwera pambuyo pa shuga n'kutsuka m'kamwa, ndipo kutentha kumatsikira pachifuwa mofatsa, osati kubaya pakhosi ngati kachasu. Mukabwereranso ku tambula yomweyo patapita mphindi 20, mudzapeza kuti fungo lasintha, zina zazimirira ndipo zina zatulukira, n'chifukwa chake kabotolo kakang'ono kameneka kamayenera kutha mu ola lathunthu.

Tsopano za ukalamba wa mowa, pamene pagona mantha anu. Mowa wambiri umakoma uli watsopano, ndipo lager wosungidwa chaka chonse amangoipa. Mowa wamphamvu umapirira chifukwa ukali, shuga ndi hops zimautchinjiriza ku tizilombo, ndipo zimaupatsa mpata wosintha pang'onopang'ono. Kampweya kochepa ka okosijeni kotsalira m'botolo kamagwira ntchito pa chimera n'kubweretsa fungo longa la vinyo wa sherry ndi zipatso zouma, kuwawa kwa hops kumafatsa, ndipo ukali wobaya wa mowa watsopano umagona. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Thomas Hardy's Ale, umene kampani ya Eldridge Pope ya ku Dorchester inafulula koyamba mu 1968 pokumbukira kuti panali patatha zaka 40 chimwalirire mlembi Thomas Hardy. Botolo lililonse linali ndi nambala ndi chaka, ndipo anthu ankawasunga zaka 20 kapena kuposerapo. Mu 2006 ku Burton upon Trent kunapezeka mabotolo a Ratcliff Ale wofululidwa mu 1869, ndipo amene analawa anapeza kuti unali womweka, ngakhale unali utasanduka chinthu chofanana kwambiri ndi vinyo wakale kusiyana ndi mowa.

Pali mtundu wina wapachibale wotchedwa old ale, umene kale unkasungidwa miyezi yambiri m'migolo ikuluikulu ya matabwa, ndipo unkatenga kakuwawasa ndi fungo longa la chikopa. Amene anatulukira gwero la kukoma kumeneku anali Niels Hjelte Claussen, katswiri wa ku Carlsberg mumzinda wa Copenhagen, amene mu 1904 anafotokoza za yisiti wina wokhala m'mowa wa ku England n'kumutcha Brettanomyces, kutanthauza bowa wa ku Britain. Ndi Carlsberg yomweyo imene inadzatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo m'fakitale imeneyo ndi mmene munachokera Green amene munayerekeza nayeyo. Chitsanzo cha mwambo wa migolo umenewu ndi Strong Suffolk wa kampani ya Greene King, wosakaniza mowa watsopano ndi wina wa 12 peresenti wotchedwa Old 5X umene umakhala m'migolo ya thundu kwa zaka ziwiri.

Izi sizikutanthauza kuti mowa wamphamvu suwonongeka, ndipo zizindikiro zake n'zosavuta kuzigwira. Ukamanunkha ngati katoni yonyowa kapena nyuzipepala yakale, ndiye kuti mpweya unalowa wambiri, kawirikawiri chifukwa cha chitsekerero chotayirira kapena kutentha. Ukamawawasa ngati viniga mpaka kukwinyitsa nkhope, kapena ukaphulika n'kusefukira pongotsegula, mwalowa tizilombo. Ukanunkha ngati kanyimbi, unakhala padzuwa, pakuti kuwala kumaononga hops m'kanthawi kochepa. Palinso kukoma konga kwa Marmite kapena msuzi wa soya, kumene kumabwera yisiti wakufa akayamba kusweka m'botolo. Kukakhala kochepa anthu ambiri amakukonda mu mowa wakale, koma kukaphimba zina zonse ndiye kuti botololo linapitirira nthawi yake. Inu simunatchule chilichonse mwa zimenezi.

Mukadzazolowera wa ku England, mudzayeseko wa ku America, kuti muone mmene dzina limodzi lingasiyanire. Kumeneko kampani ya Anchor ya ku San Francisco inayamba ndi Old Foghorn mu 1975, ndipo Sierra Nevada inatsatira ndi Bigfoot mu 1983, wa 9.6 peresenti, wodzaza ndi hops wa ku America, moti ukakhala watsopano umawawa kwambiri ndi kununkha utomoni wa paini ndi makoko a malalanje. Ine ndimakonda wa ku England chifukwa chimera ndicho chimatsogola, koma Bigfoot ndi mphunzitsi wabwino wa zimene zaka zimachita, pakuti munthu akaika botolo la chaka chino pambali pa la zaka 4 zapitazo amamva yekha mmene kuwawa kwagonera ndi mmene kutsekemera kwa chimera kwatulukira. Kwanuko n'kosavuta kuyesa zomwezo ndi Vintage Ale wa Fuller's wa ku London, wa pafupifupi 8.5 peresenti, umene umatuluka chaka chilichonse kuchokera mu 1997. Umenewu umakhala ndi yisiti wamoyo m'botolo, choncho muziuthira mofatsa kuti nsenga zitsalire pansi.

Kasungidwe kake sikafuna ndalama. Botolo liime chilili, pamalo amdima, ozizira pafupifupi madigiri 10 mpaka 13, ndipo chachikulu n'chakuti kuzizirako kusamasinthesinthe. Pamwamba pa firiji, pafupi ndi chitofu kapena pawindo ndi malo oipa kwambiri. Mukaganiza zodzanyamula botolo popita kwathu kuti abale akalawe, akalimwe m'masabata oyamba, chifukwa m'nyumba ya malata kutentha kumakalambitsa mowa mofulumira ndiponso moipa. Komabe sindigwirizana ndi chizolowezi cha anthu ena chosunga mabotolo mpaka kalekale podikira tsiku lalikulu limene silifika. Barley wine wambiri amene ndalawa anali pabwino pake pakati pa zaka 3 ndi 8, ndipo kupitirira apo kumakhala kuyesa mwayi, pakuti botolo lina limakoma modabwitsa pamene linzake la chaka chomwecho limakhala litafwifwa.

Ukali wake muulemekeze. Botolo la Harvest Ale ndi la mamililita 275 okha, koma malinga ndi kawerengedwe ka ku Britain muli mayuniti a ukali wa mowa opitirira pang'ono 3, pamene paindi yathunthu ya mowa wa 4 peresenti ili ndi 2.3, ndipo achipatala kumeneko amalangiza kuti munthu asapitirire mayuniti 14 pa sabata. Kutsekemera kumabisa mphamvuyo, moti munthu amaizindikira poimirira. Ichi n'chifukwa chake kale mowa wotere unkagulitsidwa m'timabotolo ting'onoting'ono ta gawo limodzi mwa magawo atatu a paindi.

Botolo lanu lachiwirilo lakwanitsa zaka 5, ndipo sindikuona chifukwa chodikiriranso. Sankhani madzulo ozizira mutadya kale, muitane mnzanu anakupatsaniyo, mugawane botololo m'matambula awiri. Patebulo pakhale kachidutswa ka tchizi cha Stilton, chimene mchere wake umagwirizana kwambiri ndi kutsekemera kwa chimera, ndipo ngati tchizi cha nkhungu simuchikonda, mtedza wokazinga wothira mchere ugwira ntchito yomweyo. Musiye pang'ono pansi pa tambula mpaka ola litakwana, muigwire m'manja kuti ifunde, ndipo mununkhizenso musanamalize, pakuti fungo la masau lija limamveka bwino pa nthawi imeneyo.