Laputopu kapena kompyuta ya patebulo: yodulira mavidiyo ndigule iti?

Funso: Akonzi, ndimajambula mavidiyo a 4K ndipo ndikufuna makina oti ndiziwadulira pa pulogalamu ya DaVinci Resolve. Anzanga ena akuti laputopu, ena akuti ya patebulo. Ndalama zanga ndi zogulira imodzi basi. Nditani?

Yankho: Kujambula mumajambulira kunja, inde, nanga kudula mumadulira kuti? Ngati nthawi zambiri mumakhala pampando womwewo kunyumba kapena ku ofesi, gulani ya patebulo. Pa ndalama zofanana, imeneyi ndiyo ili ndi mphamvu zambiri.

Nkhani yagona pa kutentha. Potulutsa vidiyo yomaliza, purosesa ndi GPU (tchipi choyendetsa zithunzi ndi mavidiyo) zimagwira ntchito mosapumira kwa mphindi 20, mwina ola lathunthu. Purosesa ikafika pa madigiri 95 mpaka 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. M'bokosi la ya patebulo muli malo, muli mafani akuluakulu, mpweya umayenda bwino. Mu laputopu zonse n'zothithikana. Imayamba mwachangu, koma pakangopita mphindi zingapo mafani ayamba kulira, pansi pake patentha, liwiro latsika. Mukayiika pabedi kapena pamiyendo n'kutseka timabowo ta mpweya, ndiye zimanyanya.

Dzina la GPU lisakupusitseni. RTX 4090 ya patebulo imadya mawati 450 ndipo ili ndi memori ya 24GB. Ya mu laputopu, dzina lomwelo, sipitirira mawati 175 ndipo memori yake ndi 16GB. Ngakhale malaputopu awiri okhala ndi RTX 4060 onse amatha kusiyana kwambiri, chifukwa kampani ina imaipatsa mawati 45, ina 115. Wogulitsa akakutchulirani dzina, inu funsani mawati.

Pa 4K, izi zisachepe: RAM (memori yogwirira ntchito) ya 32GB, GPU ya memori ya 8GB, ndi SSD (chosungira mafayilo) ya mtundu wothamanga wa NVMe ya 1TB. Pa mavidiyo ocheperako a 1080p, RAM ya 16GB ikukwanirani. Resolve imadalira kwambiri GPU, ndipo memori yake ikadzaza, makamaka pochotsa timadontho ta mu vidiyo yojambulidwa mumdima, imangoima n'kukuuzani kuti memori yatha. Malo osungira nawo amatha msanga: kamera yojambula pa 100 Mbps imadzaza 45GB pa ola limodzi. Mu ya patebulo mumangotsegula chivundikiro n'kuwonjezera SSD ina kapena RAM. Malaputopu ambiri opyapyala, kuphatikizapo ma MacBook onse a tchipi cha M, RAM yake njomatirira. Imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka kale.

Laputopu ili ndi malo ake. Ngati makasitomala amafuna vidiyo tsiku lomwelo musanachoke pamalo ojambulira, palibenso zokambirana. Koma onani sikirini: ikhale ya 100% sRGB (muyeso wa mitundu imene sikirini imatha kuonetsa). Zotchipa zolembedwa 45% NTSC zimaonetsa mitundu yofwifwa, inu n'kumawonjezera utoto, vidiyo n'kukaoneka yopsa pa foni ya kasitomala. Dziwaninso kuti malaputopu ambiri a Windows amachepetsa mphamvu mukangozula chaja, pomwe ma MacBook sasintha kwenikweni. Mukasankha ya patebulo, werengeraninso sikirini, kiyibodi ndi UPS (kabokosi kosunga magetsi), poti ilibe batire. Magetsi akathima mukutulutsa vidiyo, mumayambiranso.

Funso: Laputopu yanga ili ndi RAM ya 16GB koma vidiyo imadumphadumpha ndikamadula. Kodi yatha ntchito?

Yankho: Musafulumire kuitaya. Kawirikawiri vuto limakhala mtundu wa fayilo. Makamera ambiri amajambula mu mtundu wotchedwa H.265, ina ya 10-bit 4:2:2, yomwe njopanikizidwa kwambiri moti purosesa imavutika kuimasula. Pangani ma proxy, omwe ndi makope opepuka a mavidiyo anu, mu ProRes Proxy kapena DNxHR LB, pa theka kapena kota ya kukula kwake. Muzidulira pa amenewo, pulogalamu idzabwerera yokha ku mafayilo enieni potulutsa. Onaninso komwe mafayilo ali. Hard disk yakunja ya USB imawerenga pafupifupi 120MB pa sekondi, pomwe NVMe imadutsa 3,000MB. Zikapanda kusintha, zimitsani makinawo, tsegulani pansi, pemererani fumbi la m'mafani mutawagwira ndi chala kuti asazungulire.