Yankho kwa azakhali pa nkhani ya thandizo la ana aja

Azakhali, mwaswera bwanji kumudziko? Uthenga wanu ndaumvera, ndiye ndati ndiyankhe pagulu pompano kuti amalume ndi ena onse amve nawo. Mwafunsa kuti ndalama za ma grant zimene akuti zimathandiza achinyamata ovutika munthu amazipeza bwanji, poti mtsikana wathu wasankhidwa kupita Form 1, pomwe mchimwene wake chilembereni mayeso a Form 4 akungokhala pakhomo. Mwatinso kwabwera bambo wina akulemba mayina, akuti aliyense apereke kaye ya fomu.

Ndiyambe ndi bamboyo. Musamupatse ngakhale tambala, chonde. Thandizo lenileni la mwana wosauka silimayamba ndi kumulipiritsa wosaukayo. Mufunseni dzina la bungwe lake, ofesi yake ili kuti, ndiponso ngati a kwa DC akumudziwa. Mabungwe oona amalembetsa ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, ndipo akamalowa m'dera amadzera kukhonsolo ndi kwa mafumu, sangotulukira ngati bowa.

Tsono grant njotani? Ndi ndalama yopatsidwa, yosabweza. Koma chimene ambiri sitimva n'chakuti kawirikawiri siifika m'manja mwa munthu. Opereka aja amaipereka ku bungwe limene lalemba pempho, lili ndi akaunti kubanki, lili ndi anthu osayinira, ndipo limafotokoza mmene ndalama yayendera. Bungwelo ndiye limakalipira kusukulu, kugula yunifolomu, nsapato, makope. Inu ndalamayo simuiona n'komwe, mumangoona mwana akupita kusukulu atavala bwino. Choncho chofufuza chathu n'chakuti ndi mabungwe ati akugwira ntchito m'boma lathu, nanga ana amawasankha bwanji.

Kwa mtsikanayu, dzina loyamba kulifunsa ndi CAMFED. Anayambira ku Zimbabwe mu 1993, kuno anafika mu 2009, ndipo ntchito yawo ndi yomweyi, kusunga atsikana akumudzi pasukulu. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti sasankha ali muofesi kutauni. Mayina amachokera kwa anthu a komweko, aphunzitsi, makomiti a sukulu, amayi a mother group, anthu odziwa kuti khomo lakutilakuti agona ndi njala. Amaganiziranso tinthu timene abambo ambiri sakumbuka, monga zovalira mtsikana akakhala kumwezi. Zimenezitu zimajombetsa ana, azakhali, inu mukudziwa. Ndipo amene anathandizidwa kale ali ndi gulu lawo, CAMA, amabwerera kudzalangiza ang'ono awo. Kungoti sali m'maboma onse kapena sukulu zonse, ndiye woyenera kumufunsa ndi ahedi a kumene wasankhidwako.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi. Pitani nokha, musatume mwana. Mukakhale pansi ndi ahedi, muwauze zoona zokhazokha, kuti bambo ake anatisiya, chimanga chimatha mvula isanagwe, pakhomo muli ndi adzukulu enanso. Ndikudziwa mtima wanu, simukonda kudandaula pamaso pa anthu. Koma ndandanda wa ana osowa umalembedwa ndi cholembera m'kaundula wa pasukulu, ndipo mwana amene palibe wamuyankhulira dzina lake silikhalamo. Mukatero mupitenso kuofesi ya social welfare kuboma, nakonso amasunga mayina a ana ofunika bursary. Mutenge kalata ya amfumu, kalata yomwalirira ya malemuwo ngati ilipo, chiphaso chanu cha unzika, ndi umboni woti mwana wasankhidwa. Mapepala enieniwo musasiye kulikonse, musiye ma photocopy.

Za mnyamatayu ndiye zimandisowetsa tulo kwambiri, chifukwa anyamata akafika msinkhu umenewu anthu amangoti wakula adzionera yekha, mapeto ake n'kumaswera pa bawo kapena kuganiza za ku Joni opanda pepala lililonse. Iyeyu njira yake ndi TEVETA. Limeneli ndi bungwe la boma loona za maphunziro a ntchito zamanja, linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo mbali ina ya ndalama zake imachokera kwa olemba anthu ntchito, amene amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Amalengeza nthawi yofunsira malo m'makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical, Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira mu 2015 kunabweranso ma community technical college, oyandikira kumudzi. Kumeneko kuli zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera, zamagetsi, zamipope, kusoka. Paja wailesi ya agogo ija anaikonza yekha, mwanayu manja ali nawo.

Komabe akamafunsa za maphunziro aliwonse olipiridwa ndi bungwe, afunsitse kuti akamaliza pali zida kapena ayi, nanga amawapezera kokaphunzirira ntchito kwa amisiri. Ine ndaona achinyamata ali ndi satifiketi ya ukalipentala m'chikwama koma alibe ngakhale sowo kapena pulena, n'kubwereranso kumaganyu a kumunda. Zimawawa. Pulogalamu yabwino imamuperekeza mwana mpaka atayamba kupeza kangachepe.

China, asiyanitse grant ndi ngongole. Za NEEF zija ndi ngongole. Zimene ophunzira a kuyunivesite amatenga ku Loans Board, zambiri ndi ngongolenso, amadzabweza akayamba ntchito. Asasayine pepala asanaliwerenge, alijambule anditumizire kaye.

Abale nonse muli pagulu pano, mayankho a mabungwe amachedwa, pomwe sukulu siidikira. Tisonkherane ya yunifolomu, nsapato ndi makope a teremu yoyamba kuti mwana ayambe limodzi ndi anzake. Ine ndituma yanga mwezi ukatha, pamodzi ndi ya thiransipoti ya azakhali yopitira kuboma. Amalume, inu muli pafupi, muwaperekeze kwa amfumu za kalata ija. Ndipo mnyamatayo andiimbire madzulo ano, ndikufuna ndimve kwa mwini wake ntchito imene mtima wake ukufuna.