Thanki ya mafuta ofunditsira nyumba ikudontha: ndiyambire pati?

Mlongo wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba kumudzi wina ku Northern Ireland wanditumizira imelo. Nyumba imene akuchita lendi imafunda ndi mafuta a m'thanki yapulasitiki imene ili kuseri. Akuti fungo lakula, udzu wa m'munsi mwa thanki wapserera, ndipo mafuta akutha msanga. Akufunsa ngati angangotsukapo ndi madzi a sopo n'kukhala chete, poti akuopa kuti a landilodi amunena kuti ndiye waononga.

Achemwali, chonde musatsukepo. Mafuta amenewo ndi parafini, yemwe uja wa m'koloboyi, ndipo sasakanikirana ndi madzi. Mukathirapo madzi mungomukankhira pansi pa nthaka kapena m'ngalande yopita kumtsinje. Sopo ndiye amaonjeza vuto, chifukwa amamwaza mafutawo n'kuwayendetsa patali.

Choyamba pitani pathankipo. M'munsi mwake, pamene payipi imatulukira kupita ku boila (makina owotcha mafutawo kuti afunditse nyumba), pali valavu yotsekera mafuta. Itsekeni, muzimitsenso boila. Kenako tengani tochi ndi kapepala kouma, musisite malo olumikizira payipi, pa fyuluta, ndi pa kachubu koonetsa mulingo wa mafuta ngati thanki yanu ili nako. Kudontha kwambiri kumachokera m'malo amenewa, ndipo kapepala kamanyowa pamene diso silikuona kanthu. Mukapeza podonthapo tcherani ndowa, ndipo mafuta amene atayika kale muwathire mchenga kapena timiyala tija togula m'sitolo timene amphaka amachitirapo chimbudzi. Zikayamwa muzikolole muike m'thumba lolimba, koma osataya m'bini ya zinyalala za m'nyumba. Afunseni a khonsolo kotaya. Muvale magolovesi, ndipo wina asasutire fodya pafupi.

Ngati thanki yeniyeniyo ndiyo yang'aluka, kutseka valavu sikuthandiza. Pulasitiki ikakalamba ndi dzuwa imayera n'kuchita timing'alu. Tengani sopo wamtanda wofewa, mukhutize pamng'alupo mpaka adzaze. Amagwira kwa kanthawi kochepa, kongokwanira kuti katswiri afike n'kupopera mafutawo m'thanki ina. Musamatepo ndi tepi kapena guluu n'kuganiza kuti mwakonza.

Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata mwanu ndi udzu wopsererawo pamodzi ndi kutha msanga kwa mafuta. Zimenezi zikusonyeza kuti kudonthaku kunayamba kale. Nthawi zina payipi imabooka pansi pa nthaka, pakati pa thanki ndi nyumba, ndipo pamwamba sipaoneka dontho. Izi amazipeza ndi amisiri olembetsedwa ku OFTEC, bungwe loyang'anira amisiri a zofunditsira nyumba za mafuta, poyeza ngati payipiyo ikusunga mphamvu ya mpweya. N'zoona kuti mbava zimapopa mafuta m'mathanki akumidzi, koma mbava siziumitsa udzu.

Tsono za a landilodi. Ndikumvetsa mantha anu. Ambiri amene anabwera pa viza ya ntchito amaopa kudandaula, makamaka ngati nyumba anawapezera ndi abwana awo. Komatu thanki, mapayipi ndi boila ndi katundu wa mwini nyumba, ndipo kukonza ndi udindo wake. Chimene chingakuikeni m'mavuto ndi kudziwa n'kubisa. Jambulani zithunzi lero, mulembe mulingo wa mafuta otsala, musunge risiti ya mafuta amene munagula komaliza, ndipo muwauze polemba uthenga, osati pakamwa pokha. Iwo adziwitse a inshulansi mwachangu, chifukwa kukumba ndi kuchotsa dothi loipitsidwa kumadya mapaundi masauzande ambiri, ndipo mafuta akalowa pansi pa maziko a nyumba mtengo umakwereratu. Akamagula thanki ina, apempheni ikhale ya mtundu uja wokhala m'kati mwa inzake, imene yakunja imawakha mafuta onse yam'kati ikabooka.

Ngati mafuta afika m'ngalande, mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, musadikire yankho la a landilodi. Imbani 0800 80 70 60, nambala yaulere yonenera za kuipitsidwa kwa madzi, imene imagwira usana ndi usiku ku Northern Ireland, England ndi Scotland.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa: parafini amatha kudutsa khoma la payipi yapulasitiki ya madzi akumwa ngati yadutsa m'dothi lonyowa ndi mafuta. Madzi apampopi akayamba kununkha kapena kumveka parafini m'kamwa, lekani kumwa ndi kuphikira, ndipo kuwiritsa sikuwayeretsa. Imbirani a NI Water, kampani yopereka madzi apampopi ku Northern Ireland, adzayeze. Fungo likalowa m'nyumba tsekulani mawindo, ndipo mukamamva mutu, chizungulire kapena nseru, tulutsani ana mukagone kwa anzanu mpaka amisiri atabwera.