Kodi Intel yathadi? Yankho kwa aphunzitsi ofuna laputopu

Mphunzitsi wina wa kompyuta ku Mzuzu wandilembera imelo. Akufuna kugula laputopu, koma anzake akumuuza kuti Intel, kampani yopanga mapurosesa (ubongo wa kompyuta), yagwa ndipo tsogolo ndi la mapurosesa a ARM. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso kuti ndani adzapambane pa mpikisanowu.

Aphunzitsi, Intel sinathe, koma ufumu wake unachoka, ndipo chinayambitsa zonsezi ndi kutentha. Purosesa ya Intel 4004 ya mu 1971 inali ndi ma transistor (timaswitchi ting'onoting'ono ta magetsi) pafupifupi 2,300. Kwa zaka zoposa 30, akatswiri akachepetsa kukula kwa ma transistor, chip inkathamanga kwambiri popanda kudya magetsi ochuluka. Mwayi umenewo unatha cha m'ma 2005. Purosesa ya Intel ya Pentium 4 inafika pa liwiro la 3.8 GHz ikutentha koopsa, moti mu 2004 Intel inasiya yoti ilowe m'malo mwake, yotchedwa Tejas. Kuyambira pamenepo, wopambana ndi amene chip yake imagwira ntchito yambiri ndi magetsi ochepa.

Apa ndi pomwe ARM, kampani ya ku Cambridge, inapezera mpata. Kwa zaka zambiri iyo sinkapanga chip, inkangogulitsa mapulani ake, ndipo mapulaniwo anakulira m'mafoni momwe batire ndi chilichonse. Tecno kapena itel ili m'thumba mwanuyo nthawi zambiri imayendera chip ya MediaTek kapena Unisoc, zonse za ARM. Mu 2020 Apple inatulutsa M1 yokhala ndi ma transistor 16 biliyoni n'kuiika mu MacBook Air yopanda fani. Anthu anaona kuti purosesa ya mtundu wa foni ingathe kunyamula laputopu.

AMD, kampani ina yopikisana ndi Intel, inabwera ndi nzeru ina yomwe ine ndimaiona kuti ndiyo tsogolo lenileni. Ma chip amajambulidwa ambirimbiri pa mbale imodzi ya silicon ya mamilimita 300, ndipo kachilema kamodzi kokha kangathe kupha chip yonse yomwe kagwerapo. Chip ikakhala yaikulu, zotaya zimachuluka. Mu 2019, pa Zen 2, AMD inagawa purosesa m'tizigawo ting'onoting'ono totchedwa chiplet n'kutilumikiza pamodzi. Lero Intel nayo ikuchita zomwezo.

Koma funso lanu loti apambane ndani lili ndi yankho lomwe anzanuwo sanalitchule. Apple, AMD, Nvidia ndi Qualcomm alibe fakitale zawo zopangira ma chip apamwamba. Onse amakagogoda ku TSMC, kampani ya ku Taiwan yopangira anzake ma chip, yomwe Morris Chang anayambitsa mu 1987. Intel inachedwa zaka zingapo ndi njira yake yopangira ma transistor ang'onoang'ono yotchedwa 10nm, mpaka zigawo zikuluzikulu za purosesa yake ya Lunar Lake ya mu 2024 zinakapangidwa ku TSMC komweko. Ndiye TSMC nayo imadalira kampani imodzi, ASML ya ku Netherlands, yokhayo padziko lonse yopanga makina a EUV, ojambulira ma chip apamwamba pa silicon. Mkati mwa makinawo laser imawomba timadontho tosungunuka ta chitsulo chotchedwa tini maulendo 50,000 pa sekondi, n'kutulutsa kuwala komwe magalasi a Zeiss a ku Germany amalozetsa pa silicon. Palibe dziko lomwe lingakhazikitse zimenezi m'chaka chimodzi, ngakhale litakhala ndi ndalama zochuluka bwanji.

Izi ndi zomwe zimandidetsa nkhawa kuposa mkangano wa Intel ndi ARM. Mu 2021 ma chip atasowa, mafakitale a magalimoto anaimitsa ntchito. Maboma anadzidzimuka. America inakhazikitsa lamulo la CHIPS Act mu 2022, lopereka madola pafupifupi 52 biliyoni kuti ma chip azipangidwa kwawo, n'kuletsanso China kugula ma chip ndi makina apamwamba. Komabe mu 2023 Huawei inatulutsa Mate 60 Pro yokhala ndi chip yopangidwa ndi kampani ya SMIC ku China komweko. Makampani ambiri a kumeneko akukondanso RISC-V, njira ina yopangira mapurosesa yopikisana ndi ARM, yomwe inayambira ku yunivesite ya Berkeley mu 2010 ndipo aliyense angaigwiritse ntchito osalipira laisensi. Ine ndikuona msika ukugawikana, aliyense ndi gawo lake, m'malo moti wina adye onse.

Za laputopu yanu, musaope Intel Core kapena AMD Ryzen yatsopano, zigwira ntchito zaka zambiri. Malaputopu a Windows oyendera Snapdragon X, purosesa ya ARM yochokera ku Qualcomm, amasunga batire bwino, zomwe kwathu kuno kozimazima magetsi ndi nkhani yaikulu, koma mapulogalamu ena akale ndi ma driver a printa zina amakana kuyenda. Popeza mumaphunzitsa, yambani mwatsimikiza kuti mapulogalamu a m'kalasi mwanu amayenda pa ARM. Ndipo funsani wogulitsa ngati RAM yake ndi yomatirira pa bodi, chifukwa ikakhala yotero simudzatha kuonjezera, ndiye musatenge yochepera 16 GB.